Mnansi wa Kuseri kwa Mpanda

Phunziro la m'miphakati ndi m'mabanja

Kumudzi munthu sasankha mnansi. Amangobadwa n'kupeza kuti nyumba ya kumtunda ndi ya agogo, ya kumunsi ndi ya mayi aakulu, ndipo ya pafupi ndi nkhokwe ndi ya mayi aang'ono. Moto ukazima amakapala kwa mbale wake, mchere ukatha amatuma mwana kwa mbale wake. Chinansi ndi chibale zimayendera limodzi, ndipo palibe amene amachita kuziphunzira.

Mu mzinda si choncho. Pa poloti imodzi ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Area 25 pamatha kukhala mabanja asanu a lendi: lina la ku Rumphi, lina la ku Mangochi, lina la ku Nsanje, lina la ku Thyolo, lina la ku Dedza. Bafa ndi limodzi, chimbudzi n'chimodzi, chingwe choyanikapo zovala n'chimodzi, koma chaka chimatha anthuwo akungoitanana kuti "aneba" osadziwana maina. M'madera a anthu opezako bwino nkhani ndi yomweyo, kungoti kumeneko pali mpanda wa njerwa, geti lachitsulo ndi galu.

Phunziro lino likunena chinthu chimodzi. Chinansi cha mu mzinda sichibwera chokha ngati cha kumudzi. Chimachita kumangidwa, ndipo kumanga kwake kuyenera kuyamba mavuto asanagwe. Kwa mkhristu ntchito imeneyi si yongochita akapeza mpata, ndi mbali ya chikhulupiriro chimene amavomereza pa Misa.

Mzinda wa anthu obwera

Pa kalembera wa 1966 m'tauni ya Lilongwe munali anthu osakwana 20,000. Likulu la dziko litasamuka kuchoka ku Zomba mu 1975, anthu adayamba kukhamukira kuno kudzafuna ntchito, sukulu ndi malonda. Pa kalembera wa 1977 adali pafupifupi 99,000, ndipo pa wa 2018 adakwana 989,318. Kuchuluka kotere sikuchokera ku kubereka kokha. Mwa akuluakulu amene amadzaza tchalitchi Lamulungu, ambiri mchombo wawo udagwera kwina.

Aliyense wobwera adabwera ndi zake. Wina adakulira kumene mwamuna amakakhala chikamwini, wina kumene amapereka malowolo ndipo ana amawerengedwa kuchimuna. Wina kunyumba amalankhula Chitumbuka, wina Chiyao, Chisena, Chilomwe kapena Chitonga. Wina amapemphera Lachisanu, wina Loweruka, wina Lamulungu. Kusiyana kumeneku pakokha si vuto. Vuto limabwera pamene anthu okhala khomo ndi khomo sadziwana, chifukwa pamene palibe kudziwana pamamera kukayikirana. Nkhuku ikasowa, maso amathamangira kwa uja wachilendo. Mwana akadwala, manong'onong'o amaloza kwa gogo uja wokhala yekha.

"Kuno n'kuntchito chabe"

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri m'tauni: "Kwathu n'kumudzi, kuno n'kuntchito chabe." Amalankhula choncho ngakhale munthu amene wakhala mu mzinda zaka 30, amene ana ake onse adabadwira ku Bwaila ndipo sadziwa kwina. Kukonda kumudzi n'kwabwino. Kutumiza feteleza kwa makolo ndi kumanga kanyumba kwawo ndi udindo. Koma mawu aja amabisa mtima wina, woti malo amene munthu akugonapo lero samukhudza. Ngalande yatsekeka, akuti si kwathu kuno. Msewu wadzaza zinyalala, akuti a khonsolo aona. Kuseri kukumveka kulira usiku, akuti za eni.

Mneneri Yeremiya adakumana ndi mtima womwewu. M'chaka cha 597 Khristu asanabadwe, mfumu Nebukadinezara idatenga mfumu ya ku Yuda pamodzi ndi akuluakulu ndi amisiri n'kupita nawo ku Babiloni. Anthuwo adakhala mu mzinda wachilendo, pakati pa anthu a chilankhulo china ndi milungu ina, amenenso adali adani awo. Mneneri wina, Hananiya, adalosera kuti pasanathe zaka ziwiri onse adzabwerera. Uthengawo udali wokoma, ndipo munthu wouvomereza sakadaona chifukwa chomasulira katundu wake.

Kalata imene Yeremiya adawalembera, yopezeka pa mutu 29, idanena zosiyana. Adawauza kuti ukapolowo utenga zaka 70, choncho amange nyumba, alime minda, akwatire ndi kukwatitsa ana awo. Adawonjezanso chinthu chovuta kumva: kuti aufunire zabwino mzinda umenewo ndi kuupempherera, popeza mtendere wawo udali womangika ku mtendere wa mzindawo. Sadawauze kuti aiwale Yerusalemu kapena asiye chipembedzo chawo. Adangowaletsa kukhala ngati anthu odikira basi pa siteji.

Zoti mtendere wa munthu ndi womangika ku wa anzake zidaoneka poyera pa mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023. Anthu oposa 1,700 adamwalira m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa. Kolera safunsa kuti poloti ndi ya yani. Chimbudzi chodzaza cha nyumba imodzi chimaipitsa chitsime cha nyumba khumi. Banja likhoza kusesa pakhomo pake bwinobwino, koma ngati dera lonse ndi lauve, ntchentche sizidziwa mpanda. Akuluakulu adanena kale kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Funso limene Yesu adalitembenuza

Pa Luka 10:25-37 katswiri wa Malamulo adafunsa Ambuye Yesu kuti mnzake woyenera kumukonda ndi uti. Funsoli linali lofuna malire. Iye ankafuna kudziwa pamene udindo wake ukuthera, kuti ena onse awasiye ndi mtima woyera.

Yesu adayankha ndi fanizo la munthu amene adavulazidwa ndi achifwamba pa msewu wochokera ku Yerusalemu kutsikira ku Yeriko, msewu wa makilomita pafupifupi 27 wodutsa m'chipululu cha miyala. Wansembe ndi Mlevi adamuona n'kulambalala. Amene adaima anali Msamariya, wa mtundu umene Ayuda ankaunyoza chifukwa cha magazi osakanizika ndi kapembedzedwe kosiyana. Pomaliza Yesu adalitembenuza funso lija. Sadafunse kuti wovulalayo anali mnansi wa yani, adafunsa kuti mwa atatuwo ndani adadzisandutsa mnansi wake. Chinansi, motero, ndi chinthu chimene munthu amachita, osati chimene amangochipeza.

Mu fanizoli muli zinthu ziwiri zimene nthawi zambiri zimadumphidwa. Choyamba, thandizo la Msamariya linali ndi mtengo wowerengeka: mafuta, vinyo, bulu wake, usiku umodzi wa ulendo wake, ndi ndalama ziwiri zasiliva, zimene zinali malipiro a masiku awiri a munthu waganyu. Chachiwiri, iye sadasenze zonse yekha. Adamusiya wodwalayo m'manja mwa mwini nyumba ya alendo, n'kulonjeza kudzabweranso. Chifundo chake chidakoka munthu wina kuti alowe nawo m'ntchitoyo.

Papa Francis adapatula mutu wonse wachiwiri wa kalata yake yotchedwa Fratelli Tutti, imene adaisaina ku Assisi pa 3 Okutobala 2020, kuti afotokoze fanizo limeneli. Adakumbutsa kuti awiri amene adalambalala anali anthu achipembedzo. Mfundoyi ndi yolasa. Munthu akhoza kuthamangira Misa ya m'mawa atadutsa pakhomo pa mnansi amene wagona masiku atatu osatuluka, iye osadziwa n'komwe.

Madandaulo a ku Yerusalemu

Ngakhale Mpingo woyamba udalawa zovuta za kukhalira pamodzi anthu osiyana. Buku la Ntchito za Atumwi, pa mutu 6, likusimba kuti okhulupirira atachuluka mu Yerusalemu padabuka kung'ung'udza. Mu mpingomo munali Ayuda olankhula chilankhulo cha komweko, ndi Ayuda ena amene adakulira kunja ndipo ankalankhula Chigriki. Olankhula Chigriki adadandaula kuti amayi awo amasiye ankawadumpha pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku.

Buku silinena kuti ogawawo anali ndi nkhanza. Mwina ankangoyambira amene ankawadziwa, amene ankamva nawo chilankhulo. Tsankho lambiri limayenda motero, mopanda phokoso. Palibe amene amanena kuti uje asalandire, dzina lake limangoiwalika.

Zimene atumwi adachita n'zophunzitsa. Sadakane kuti vuto lilipo, ndipo sadawadzudzule odandaulawo kuti akugawa mpingo. Adaitana gulu lonse n'kuliuza kuti lisankhe amuna asanu ndi awiri oyang'anira ntchitoyo. Maina onse asanu ndi awiri amene adasankhidwa ndi achigriki, kuyambira Stefano ndi Filipo mpaka Nikolasi wa ku Antiokeya, amene sadabadwe n'komwe Myuda. Zikuoneka kuti mpingo udapereka udindo kwa anthu a mbali imene inkadandaula. Zitatero, bukulo likuti mawu a Mulungu adapitirira kufalikira.

Gulu lililonse la mu mzinda, kaya ndi mphakati, komiti ya madzi, banki m'khonde kapena achitetezo cha m'dera, lingadziyese pa muyeso umenewu. Kodi maudindo amangozungulira anthu a dera limodzi, kapena eni mapoloti okhaokha? Kodi pogawa thandizo amene amayamba kukumbukiridwa ndi ati? Kodi wolankhula Chichewa chopotoka amamumvetsera mpaka amalize, kapena amayamba kumuseka?

Chifukwa chake pali mphakati

Miphakati idakhazikitsidwa poyankha funso lomweli. Maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, adagwirizana pa misonkhano ya ku Nairobi mu 1973 ndi 1976 kuti timagulu tating'ono ta akhristu tikhale maziko a moyo wa Mpingo. Kuno ku Lilongwe, Ambuye Patrick Kalilombe, amene adadzozedwa uepiskopi mu 1972, adatsogolera sinodi ya dayosizi kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo miphakati idazika mizu kuchokera pamenepo. Kwina amati limana. Dzina loti mphakati limakumbutsa lonjezo la Ambuye pa Mateyo 18:20 loti adzakhala pakati pa anthu osonkhana m'dzina lake, ngakhale akhale ochepa. Pambuyo pake Sinodi ya Africa ya 1994, ndi kalata ya Papa John Paul II yotchedwa Ecclesia in Africa ya 1995, zidatsindika kuti Mpingo ndi banja la Mulungu.

Mphamvu ya mphakati ili pa chinthu chimodzi: umatsata malo okhala. Kwaya munthu amasankha, bungwe amasankha, anzake ocheza nawo amasankha. Mphakati sasankha. Aliyense wokhala m'misewu imeneyo ndi wa mphakati umenewo, kaya ndi bwana wa ku Capital Hill, wakabaza, mphunzitsi kapena mayi wogulitsa mandasi. Mu mzinda momwe anthu amakonda kudzipatula potsata mtundu ndi chuma, mphakati ndi amodzi mwa malo ochepa pamene anthu otere amakhala pa mkeka umodzi.

Koma mphakati ungathe kufota. Umafota pamene msonkhano wonse wathera pa kuwerenga ndalama za masika ndi kuitana maina a amene sadapereke. Umafota pamene abambo ausiyira amayi, ndi pamene anthu amaukumbukira pokhapokha akafuna kalata ya ubatizo, ya ukwati kapena mwambo wa maliro. Umafotanso pamene wasanduka mpanda wina, wosamala Akatolika okhaokha. Mphakati udaikidwa pakati pa anthu a dera lonse, ndipo wodwala wa mpingo wina kapena wosapemphera n'komwe amene ali mu msewu womwewo ndi wake ndithu.

Pamene chinansi chimayesedwa

Malo oyamba ndi pa maliro. Masamba akaikidwa pa msewu, dera lonse limadziwa kuti pagwa zovuta. Amayi amabwera ndi ufa, nkhuni ndi ndowa zamadzi, abambo amakhala panja kuchezera, buku la chipepeso limayenda. Pamenepa anthu a m'tauni amagwirizanabe, ndipo n'zoyamika. Koma maliro amaululanso zimene zinkachitika munthu ali moyo. Wa lendi amene sankadziwika ndi aliyense akamwalira, anthu amasowa ngakhale nambala ya abale ake, ndipo ndalama ya bokosi ndi ya galimoto yopita kumudzi imavuta kusonkha. Kawirikawiri anthu amene akhamukira pa maliro ndi omwewo amene sadaponde pakhomopo miyezi yonse ya matenda. Phala limene likadapita kwa wodwala limaposa nkhata yamaluwa yoika pa manda.

Pa maliro a anthu a chipembedzo china pamafunika kudziwa mwambo wawo. Asilamu amaika maliro msanga, nthawi zambiri tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, choncho woti ndipita mawa amakapeza zonse zatha. Pa ukwati kapena chinkhoswe, mnansi wachisilamu kapena wa Seventh Day sadya nyama ya nkhumba, ndipo kumukonzera ndiwo zina mu mphika wina ndi ulemu wosavuta. Ntchito ya chitukuko ikaikidwa Loweruka m'mawa kapena Lachisanu masana, ena amakhala atapatulidwa kale asanafunsidwe. Msonkhano waukulu wa Vatican II, m'chikalata cha Nostra Aetate cha 1965, udaphunzitsa kuti Mpingo umawalemekeza Asilamu ndipo udapempha kuti pakhale kumvana ndi kugwirira ntchito limodzi. M'dziko muno bungwe la Public Affairs Committee, limene lidayamba mu 1992, limasonkhanitsa Akatolika, mipingo ina ndi Asilamu pa nkhani za dziko. Zimene atsogoleri amachita pa tebulo, anthu angazichitenso pa mpope wa madzi.

Malo achiwiri ndi pa lendi. Mikangano yambiri ya m'tauni imayambira pa bilu ya madzi, mayunitsi a magetsi, kusesa chimbudzi ndi lendi yochedwa. Pamamveka nkhani za eni nyumba amene amazula chitseko kapena kutulutsa katundu pa mvula chifukwa cha ngongole ya mwezi umodzi. Pamamvekanso za alendi amene amasamuka usiku atasiya ngongole ya miyezi inayi kwa mayi wamasiye amene nyumbayo ndiyo munda wake. Nthawi zina awiriwo amakhala a parishi imodzi, ndipo Lamulungu amaima pa mzere umodzi wolandira Ukaristia. Paulo Woyera adadzudzula akhristu a ku Korinto chifukwa chosonkhana pa Mgonero wa Ambuye uku olemera akuchititsa manyazi osauka. Mwini nyumba wachikhristu amakweza lendi atapereka nthawi yokwanira, amakonza denga likamadontha, ndipo amamva pamene wa lendi wachotsedwa ntchito. Wa lendi wachikhristu amalipira pa nthawi yake, ndipo zikavuta amapita yekha kukanena tsiku lisanafike, osadikira kuthamangitsidwa. Aliyense wodziona wochepa chifukwa alibe poloti akumbukire kuti Paulo yemweyo adakhala zaka ziwiri ku Roma m'nyumba yolipira, ndipo m'menemo ankalandira onse obwera kwa iye. Nyumba ya lendi ingathe kukhala likulu la chikondi m'dera.

Malo achitatu ndi pa geti. Mtandire ndi Area 47 n'zoyandikana, ndipo m'mawa uliwonse anthu amayenda wapansi kuchoka mbali ina kukagwira ntchito ya ulonda, ya m'nyumba ndi ya m'maluwa mbali inayo. Mlonda amene wakhala pa geti zaka zisanu ndi mnansi wa pafupi kuposa onse, komabe mabwana ena sadziwa kumene amakhala kapena kuti ali ndi ana angati. Chinansi cha pamenepa chimayambira pa chilungamo: malipiro osachepera amene boma lidakhazikitsa, operekedwa pa tsiku lake, tsiku lopuma, ndi mpata wopita kukapemphera. Kumupatsa zovala zakale uku malipiro ake akuchedwa si chifundo.

Malo achinayi ndi pa mlendo wochokera kunja. Pa Levitiko 19:33-34 Aisraele adalamulidwa kuti mlendo wokhala pakati pawo asamuzunze, koma amukonde ngati mbadwa, pokumbukira kuti nawonso adali alendo ku Ejipito. Amalawi akuidziwa nkhaniyi mbali zonse ziwiri. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko lino lidasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo kuyambira 1994 msasa wa Dzaleka ku Dowa wakhala ukulandira anthu a ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena. Komanso mu 2008 ndi 2015 Amalawi ambiri adabwera pa mabasi kuthawa zipolowe zodana ndi alendo ku South Africa, ena atasiya katundu wawo yense. Banja lililonse limene lili ndi mwana ku Joni limafuna kuti kumeneko amuone ngati munthu. Za zikalata ndi malamulo olowera m'dziko ndi ntchito ya boma. Za moni, ulemu ndi kusamutchula munthu ndi dzina lonyoza ndi ntchito ya mnansi.

Malo achisanu ndi pa lilime. Dera likhoza kupasuka ndi mseche umodzi wonenedwa pa mpope kapena wotumizidwa pa gulu la WhatsApp. Woopsa kwambiri ndi wonamizira ufiti, umene kawirikawiri umagwera okalamba, amayi amasiye ndi anthu obwera. M'dziko muno anthu ena adawotcheredwa nyumba ndipo ena adaphedwa chifukwa cha mphekesera zotere. Lamulo la 1911 lokhudza za ufiti limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Chimodzimodzi, woganiziridwa kuba ayenera kuperekedwa ku polisi. Mkhristu satola mwala pamodzi ndi gulu, ndipo amene amamudziwa woganiziridwayo ndi dzina ndiye angathe kuima pakati n'kunena kuti dikirani.

Chinansi chili ndi nzeru zake

Kukhala mnansi wabwino sikutanthauza kulowerera nkhani zonse za m'nyumba ya wina, kapena kubwereketsa chilichonse kwa aliyense. Wobwereka mbaula, wilibala kapena ndalama abweze asanachite kutsatidwa, chifukwa ngongole yosabweza yapha maubwenzi ambiri kuposa kusiyana mitundu. Wailesi ya usiku, mapemphero a chinkuzamawu mpaka mbandakucha ndi madzi otsukira mbale othira kukhomo kwa wina ndi zinthu zazing'ono zimene zimasonyeza ngati munthu amaganizira anzake.

Koma pali nthawi imene kukhala chete ndi tchimo. Mwana akamazunzidwa kapena mayi akamamenyedwa usiku ndi usiku, mawu oti za m'banja salowerera sagwira ntchito. Dziko lili ndi lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja ndi la 2010 loteteza ana, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Mnansi angathe kuyamba ndi kudziwitsa ankhoswe, amfumu a m'dera kapena atsogoleri a mphakati, koma moyo ukakhala pa ngozi nkhani ipite ku polisi msanga.

Zonsezi zimayambira pa zinthu zosafuna ndalama. Moni wa m'mawa wotchula dzina. Kuodira pakhomo pa banja limene langosamukira kumene n'kuwauza kumene kuli chigayo, mpope ndi chipatala. Kuphunzira kunena "Monire" kapena "Ali uli?" kwa amene kwawo amalonjerana motero. Kuuza mnzako kuti, "Amayi a Chisomo, pitani kuchipatalako, anawa ndiwaona ine." Mwambi uja woti mwana wa mnzako ngwako yemwe sudanene kuti mnzakoyo akhale wa mtundu wako. Anthu amene amapatsana moni masiku abwino savutika kugogodana pa tsiku loipa.

Mafunso okambirana ku mphakati

1. Kodi aliyense mwa osonkhana angatchule maina a mabanja a nyumba zinayi zoyandikana ndi yake, ndi kumene adachokera?

2. Kodi mawu oti "kuno n'kuntchito chabe" alepheretsa ntchito ziti m'dera lino? Nanga kalata ya Yeremiya ikadalembedwa kwa anthu a dera lino, ikadatchula chiyani?

3. Potsata nkhani ya amayi amasiye a ku Yerusalemu, ndi anthu ati amene mphakati uno umawadumpha mosadziwa? Kodi alendi, achinyamata ndi obwera kumene ali ndi maudindo?

4. Kodi mphakati uno udayenderapo liti wodwala kapena wofedwa amene si Mkatolika?

Zochita sabata ino

Banja lililonse liyendere nyumba imodzi yoyandikana nayo imene silidalowemo, makamaka ya anthu a mtundu wina kapena chipembedzo china. Atsogoleri a mphakati alembe maina a okalamba, odwala ndi okhala okha a m'dera lawo, posayang'ana mpingo, pamodzi ndi nambala ya mbale mmodzi wa aliyense, ndipo agawane masiku owayendera. Mphakati usankhenso ntchito imodzi yokomera onse, monga kutsegula ngalande mvula isanayambe, ukambirane ndi amfumu a m'dera, ndi kuitana anthu a mipingo ina ndi a ku mzikiti pa tsiku limene onse angathe kubwera. Zimene zapezeka zidzafotokozedwe pa msonkhano wotsatira wa mphakati.